National Wake: Gulu la punk ndi rege limene boma latsankho lidalitsekera makomo onse

M'chaka cha 1981, kampani yojambula ndi kugulitsa nyimbo ya WEA m'dziko la South Africa idatulutsa chimbale cha anyamata ena a mumzinda wa Johannesburg. Chitangogulidwa makope pafupifupi 700, chimbalecho chidachotsedwa pamsika boma latsankho la nthawiyo litaipanikiza kampaniyo. Chaka chotsatira gululo lidatha. Kwa zaka pafupifupi 30, dzina lake lidangotsala m'mitu ya anthu ochepa amene adalionako likuimba.

Gululo lidali National Wake. Mudali oimba akuda ndi achizungu amene ankaphatikiza chamba cha punk ndi cha rege, ndipo ankakhala nyumba imodzi m'dera limene lamulo lidapatulira azungu okha. Mbiri yawo ikuonetsa momwe boma lingathetsere gulu loimba popanda kukhazikitsa lamulo lolitchula dzina. Limangofunika kulitsekera poimbira, wailesi, shopu ndi pogona, mpaka eni ake atatopa n'kubalalika okha.

Dziko limene gululi lidabadwiramo

Kuti munthu amvetse chimene chidali chachilendo pa anyamatawa, ayambe wadziwa malamulo amene ankayendetsa moyo wa tsiku ndi tsiku ku South Africa. Chipani cha National Party chidatenga boma mu 1948 ndipo chidakhazikitsa ndondomeko ya apartheid, yolekanitsa anthu potengera khungu lawo. Lamulo la Group Areas Act la 1950 lidagawa mizinda kuti mtundu uliwonse uzikhala kwaokha. Madera abwino adapita kwa azungu, pamene anthu akuda adakankhidwira kumakomboni akunja kwa mzinda monga Soweto.

Lamulo lina la 1952 lidakakamiza munthu wakuda aliyense wa zaka 16 kapena kuposera apo kuyenda ndi chitupa, chimene eni ake ankachitcha dompas. Amene chitupa chake chidalibe chidindo choyenera sankaloledwa kukhala m'tauni kupitirira maola 72. Amalawi amene adagwirako ntchito ku Joni m'zaka zimenezo, kaya kumigodi kudzera ku Wenela kapena m'nyumba za azungu, ankawadziwa mantha oimitsidwa ndi wapolisi pamsewu n'kufunsidwa mapepala.

Zamsangulutso nazo sizidasiyidwe padera. Kuyambira mu 1965, anthu a mitundu yosiyana sankaloledwa kudzaza holo imodzi kuonera zisudzo kapena kumvera nyimbo popanda chilolezo chapadera cha boma. Mwini holo kapena bala amene akadanyozera zimenezi akadadziitanira apolisi pakhomo.

Pa 16 Juni 1976, ana asukulu a ku Soweto adaguba pokana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans. Apolisi adawaombera, ndipo zipolowe zidafalikira m'dziko lonselo, anthu mazanamazana n'kuphedwa. Pa 12 Sepitembala 1977, womenyera ufulu Steve Biko adafera m'manja mwa apolisi. Mwezi wotsatira boma lidatseka nyuzi ya The World, imene inkawerengedwa kwambiri ndi anthu akuda, pamodzi ndi mabungwe ambiri olimbana ndi tsankho.

Anyamata achizungu nawo adali ndi mtolo wawo, ngakhale sungafanane ndi wa anzawo akuda. Akamaliza sukulu ankakakamizidwa kulowa usilikali, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nthawi yake idali itafika zaka ziwiri. Ambiri ankatumizidwa kunkhondo ya kumalire a Namibia ndi Angola. Mu 1975 asilikali a South Africa adalowa mkatikati mwa Angola, koma nyuzi za m'dzikomo sizidaloledwe kulemba zoona zake, moti anthu akunja adaidziwa nkhaniyo eni dziko asadaimve. National Wake idabadwa mu 1978, mkati mwa zonsezi.

Punk ndi rege zidakumana bwanji?

Rege si yachilendo kwa Amalawi. Idachokera ku Jamaica kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo imadziwika ndi besi gitala yolemera, kayendedwe kodekha ndi uthenga wa anthu oponderezedwa. Punk ndiyo sidamere mizu m'dziko muno. Ndi chamba cha rock chimene chidaphulika ku New York ndi ku London chapakati pa zaka za m'ma 1970. Nyimbo zake zimakhala zazifupi ndi zaliwiro, magitala ake amalira mokalipa, ndipo woimba amachita kufuula. Chiphunzitso chake chidali chakuti munthu sayenera kudikira kuti akhale katswiri kapena kuti kampani yaikulu imulole. Akangodziwa makodi atatu pagitala, ayambitse gulu n'kunena zakukhosi.

Ku London, magulu monga Sex Pistols ndi The Clash ankaimbira achinyamata otopa ndi ulova. M'madera omwewo munkakhalanso ana a anthu ochokera ku Jamaica, amene ankakumana ndi tsankho ndi nkhanza za apolisi. Kumalo oimbira otchedwa Roxy, mnyamata wina wa makolo a ku Jamaica, Don Letts, ankaika nyimbo za rege magulu a punk akamapumulira, ndipo achinyamata achizungu adazikonda. Mu 1977, The Clash idaimbanso nyimbo ya Junior Murvin yotchedwa Police and Thieves pachimbale chake choyamba. Chaka chomwecho Bob Marley, amene ankakhala ku London atapulumuka chiwembu chofuna kumupha ku Kingston mu Disembala 1976, adajambula Punky Reggae Party povomereza ubalewo. Mu Epulo 1978, bungwe la Rock Against Racism lidachititsa phwando lalikulu la nyimbo ku Victoria Park mumzindamo, kumene magulu a zamba ziwirizi adakwera nsanja imodzi.

Mphepo imeneyi idafika ku South Africa kudzera m'zimbale ndi m'nyuzi za nyimbo zochokera ku Britain. Ku Durban kudabadwa gulu la Wild Youth, ku Cape Town kudali Safari Suits, ndipo ku Springs kudali Corporal Punishment ya James Phillips. Koma ambiri mwa magulu amenewa adali a azungu okhaokha, oimbira azungu anzawo. Kusiyana kwa mizinda iwiriyi kudali apa: ku London, mzungu ndi munthu wakuda akaimbira limodzi ankangoonetsa mbali imene aima pandale, pamene ku Johannesburg ankakhala atayamba kale mlandu asadakhudze n'komwe gitala.

Nyumba ya ku Parktown

Amene adayambitsa gululi ndi Ivan Kadey, mnyamata wachiyuda amene adakula ali wamasiye ndipo ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba payunivesite. Kadey ankakhala ndi anzake m'nyumba ina ku Parktown, kumayadi akalekale a Johannesburg kumene eni migodi ya golide adamangako zinyumba zikuluzikulu. Kumeneko adayamba kuimba ndi Mike Lebesi, woimba ting'oma ndi zida zina zogogoda. Kudzera mwa Lebesi, kunyumbako kudafika anyamata awiri apachibale ochokera ku Soweto, Gary ndi Punka Khoza.

Abale awiriwa sadabwere kudzaphunzira kuimba. Gary adayamba kutchuka akadali mwana m'gulu la nyimbo za soul la Flaming Souls, limene lidali ndi dzina m'makomboni. Mu National Wake iye adagwira besi gitala, Punka n'kukhala pang'oma. Kadey ankaimba gitala ndi kutsogolera nyimbo zambiri. Pambuyo pake kudabwera Steve Moni wa gulu la Safari Suits, amene adatenga gitala yotsogolera.

Liwu lakuti Wake m'dzina la gululi si la Chichewa ayi. M'Chingerezi lili ndi matanthauzo awiri: kudzuka kutulo, komanso mchezo wa pamaliro. Choncho dzinalo likhoza kumveka ngati mfuu yodzutsa mtundu, kapena ngati kuitanira anthu kumaliro a dziko limene likufa. Mu 1978 matanthauzo onse awiri adali oyenera.

Kaimbidwe kawo kadachokera m'kusakanikirana kwa anthuwo. Liwiro ndi ukali wa punk zidakumana ndi besi ya rege, pamwamba pake n'kuthirapo funk ndi kavinidwe ka m'makomboni kamene abale a Khoza adakula nako. Izi zidawasiyanitsa ndi magulu ena a punk a m'dzikomo, amene ambiri ankangotsanzira za ku London. Nyimbo za National Wake munthu ankatha kuzivina, ndipo pansi pa phokoso la magitala padali ng'oma ndi besi za anthu odziwa ntchito yawo.

Koma nyumba imene idabala kaimbidweka ndiyo idalinso pofooka pawo. Mwalamulo, Gary, Punka ndi Lebesi sankayenera kugona ku Parktown. Munthu wakuda ankaloledwa kugona kumayadi a azungu pokhapokha ngati ndi wantchito wolembetsedwa, ndipo malo ake adali kachipinda kakuseri kwa nyumba. Apa padali anthu akuda okhala m'nyumba yaikulu ngati eni ake, akulandira alendo a mitundu yonse usana ndi usiku. Apolisi sadachedwe kuidziwa nyumbayo, ndipo adayamba kuichita chipikisheni kawirikawiri.

Chiopsezocho sichidali chofanana kwa onse. Kadey ndi Moni akadatha kufunsidwa mafunso ndi kuopsezedwa, koma chitupa sichinkawakhudza. Anzawo akuda ndiwo ankatha kugona m'chitolokosi chifukwa chongopezeka mbali yolakwika ya mzinda nthawi yolakwika. Ngakhale m'gulu lokana tsankho, tsankholo linkasankha woti limupweteke kwambiri.

Kusaka poimbira

Gulu loimba limakula ndi nsanja. Kumeneko n'kumene limapeza omvera, ndalama ndi luso. Kwa National Wake, nsanja iliyonse idali nkhani yokambirana kaye. Kumapeto kwa 1979 adalowa nawo ulendo wa magulu a punk wotchedwa Riot Rock m'chigawo cha Cape, pamodzi ndi Wild Youth, Safari Suits ndi ena. Ali paulendowo adauzidwa kuti chilolezo choti gulu la mitundu yosakanikirana liimbe chakanidwa. Iwo adakwerabe pansanja n'kuimba.

Kulimba mtima kotereku kunkatheka usiku umodzi, koma sikukadakhala njira yopezera chakudya chaka chonse. Eni malo ambiri a m'tauni sankafuna kuika bizinesi yawo pachiswe chifukwa cha gulu limodzi. Choncho National Wake inkaimba paliponse pamene chitseko chatseguka: m'timalo ta mumsewu wa Rockey Street ku Yeoville, kumene malamulo atsankho adali atayamba kunyozeredwa mwakachetechete, kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndiponso m'malo achisangalalo a kumakomboni ndi kumidzi, kumene magulu a rock a azungu sankapondako.

Ulendo uliwonse udali ndi zopinga zake. Mzungu ankafunika chilolezo kuti alowe mu Soweto, monga momwe munthu wakuda ankafunikira chidindo kuti agone m'tauni. Galimoto yonyamula anyamata akuda ndi achizungu atakhala mophatikizana, zida zoimbira zili kumbuyo, idali yosavuta kuiona pamalo ofufuzira a apolisi. Mahotela, malo odyera ndi zimbudzi zapanjira zidali zogawidwa potengera khungu, motsatira lamulo la Separate Amenities Act la 1953. Zimene kwa gulu lina zikadakhala nkhani wamba, monga kumene adye ndi kumene agone, kwa iwo zinkafunika kuziganizira ulendo usadayambe.

Padalinso vuto la omvera. Achinyamata achizungu okonda punk adali ochepa. Kumakomboni anthu ankakonda mbaqanga, soul ndi disco, ngakhale rege idali itayamba kulowa. Mu Epulo 1980 Bob Marley adaimba pabwalo la Rufaro mumzinda umene lero ndi Harare, pachikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe, ndipo chaka chomwecho Jimmy Cliff adaimba ku Soweto. National Wake ikadatha kukhala mlatho pakati pa omvera awiriwa, koma dongosolo lonse la dzikolo lidamangidwa kuti anthu amenewa asakumane.

Chimbale cha 1981

Ngakhale zidali choncho, mbiri ya gululi idafika m'makutu a kampani ya WEA, ndipo mu 1981 chimbale chotchedwa National Wake chidatuluka. Nyimbo imene idatchuka kwambiri, komanso imene idawaputira mavuto, idali International News. Inkanena za momwe nkhani za ku Soweto ndi za nkhondo ya ku Angola zinkabisidwira kwa anthu a m'dzikomo.

Nkhani ya Angola idali yoopsa kuikhudza. Lamulo la zachitetezo la 1957 linkaletsa kufalitsa za mayendedwe a asilikali popanda chilolezo cha boma, ndipo mu Ogasiti 1981, chaka chomwe chimbalecho chidatuluka, asilikali a South Africa adalowanso mwamphamvu kummwera kwa Angola. Kuonjezera apo, lamulo la Publications Act la 1974 lidapatsa makomiti a boma mphamvu zoletsa buku, kanema kapena chimbale chilichonse chimene achiona kuti n'chosayenera.

Chida champhamvu kuposa malamulowa chidali wailesi. Bungwe la boma la SABC ndilo lidagwira pafupifupi mawailesi onse, ndipo lidawagawa potengera mtundu ndi chilankhulo: ya Chingerezi, ya Afrikaans, ya Chizulu, ya Chisutu ndi zina zotero. Nyimbo inkayenera kudziwika kuti ndi ya mtundu uti isadaulutsidwe. Bungwelo lidali ndi komiti yakeyake younika mawu a nyimbo, ndipo nyimbo yokanidwa ankaikanda ndi chitsulo pambale ya galamafoni kuti woulutsa mawu asathe kuiika ngakhale atafuna. Gulu la mitundu yosakanikirana, loimba za Soweto ndi Angola, lidalibe malo m'dongosolo limeneli.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Britain adali ndi mwayi womva National Wake pawailesi kuposa anthu a ku Johannesburg. John Peel, woulutsa mawu wa BBC amene adatchukitsa magulu ambiri a punk ndi rege, adaika nyimbo yawo papologalamu yake. Koma kwawo, chimbale chosamveka pawailesi sichikadayenda malonda, ndipo kampani imene idali ndi oimba ena ambiri oti iwagulitse sikadalimbana ndi boma chifukwa cha anyamata a ku Parktown. Chimbalecho chidachotsedwa pamsika.

Akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Chimbale chimene chikadawatsegulira njira ndicho chidawaika poyera, ndipo kalondolondo wa apolisi adakula. Ndalama sizinkalowa, malo oimbira ankachepa, ndipo m'nyumba yodzaza anthu otopa ndi amantha, kumvana kudayamba kuvuta. Mu 1982 National Wake idatha, itakhala zaka zinayi zokha.

Njira yothetsera woimba mwakachetechete

Zimene zidaonekera National Wake sizidali zangozi. M'zaka zomwezo woimba wina wachizungu, Roger Lucey, amene nyimbo zake zinkadzudzula boma mosabisa, adaona ntchito yake ikufota osadziwa chifukwa chake. Eni malo ankasintha maganizo mwadzidzidzi, zimbale zake zinkasowa m'mashopu, ndipo tsiku lina utsi wokhetsa misozi udaponyedwa m'malo amene ankaimbira. Tsankho litatha, wapolisi wa nthambi yachitetezo, Paul Erasmus, adaulula poyera kuti ndiye adapatsidwa ntchito yomuthetsa. Kuulula kwakeko kudatsimikiza zimene oimba ambiri ankangoziganizira: boma lidazindikira kuti kumanga woimba kumamutchukitsa, pamene kumuuma gwero la chakudya kumamuchotsa popanda phokoso.

Ena adapulumuka msampha umenewu. Gulu la Juluka la Johnny Clegg ndi Sipho Mchunu, limene lidatulutsa chimbale chake choyamba, Universal Men, mu 1979, nalonso lidali la mzungu ndi munthu wakuda, ndipo lidakumana ndi kutsekeredwa maphwando ndi kukanidwa pawailesi. Koma Juluka idatsamira pa nyimbo ndi magule a Chizulu amene adali ndi omvera ambiri, uthenga wake nthawi zambiri unkadzera m'mafanizo, ndipo idapeza msika kunja kwa dzikolo. National Wake idalibe chilichonse mwa zotchinjiriza zimenezi. Chamba chake chidali cha anthu ochepa, mawu ake adali osapsatira, ndipo idatha isadapeze njira yotulukira kunja.

Amalawi amene adakula m'nthawi ya chipani chimodzi sangaione njirayi ngati yachilendo. M'dziko muno lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe la Censorship Board lounika mabuku, makanema ndi nyimbo, ndipo wailesi idali imodzi yokha, ya MBC. Kumene kuli wailesi imodzi, woimba amene wakanidwa pakhomo pake amakhala ngati kulibe. Maiko awiriwa adasiyana pa zambiri, koma pankhani yogwira khomo limene nyimbo imadzera popita kwa anthu, nzeru yake idali imodzi.

Zimene zidaphuka pachitsa

Kutha kwa gululi sikudali kutha kwa zonse. Kadey adagwirizana ndi Lloyd Ross, woimba wina wa m'gulu la achinyamata omwewo, ndipo adayambitsa kampani yaing'ono yojambula nyimbo ya Shifty Records. Situdiyo yawo adaimanga m'kalavani yokoka ndi galimoto, kuti azitha kupita kumene kuli oimba m'malo modikira oimbawo kuti adutse malire atsankho. Phunziro lake lidali loonekeratu: ngati makampani akuluakulu amaopa boma, oimba ayenera kukhala ndi njira yawoyawo yojambulira.

Mu 1983 kalavaniyo idapita ku Lesotho kukajambula gulu la Sankomota. M'zaka zotsatira, Ross atatsala akuyendetsa kampaniyo, Shifty idatulutsa makwaya a mabungwe a anthu apantchito, ndakatulo za Mzwakhe Mbuli, nyimbo za Kalahari Surfers ndi za James Phillips. Idalinso kumbuyo kwa Voëlvry, ulendo wa 1989 wa oimba achinyamata olankhula Afrikaans amene adaukira boma la makolo awo m'chilankhulo chake chomwe. Mbali yaikulu ya nyimbo zotsutsa tsankho za m'zaka za m'ma 1980 idasungidwa chifukwa cha kampani imeneyi.

Rege nayo idapitiriza ulendo wake. Mu 1984 Lucky Dube, amene adayamba ndi mbaqanga, adatulutsa chimbale chake choyamba cha rege, Rastas Never Die, ndipo boma lidachiletsa mu 1985. Iye sadabwerere m'mbuyo. Chimbale chake cha Slave, chimene chidatuluka mu 1987, chidagulidwa makope oposa 500,000, ndipo nyimbo zake zidafika m'minibasi ndi m'nyumba za ku Blantyre, Lusaka ndi Harare. Pakati pa makope 700 a National Wake ndi 500,000 a Dube padangodutsa zaka zisanu ndi chimodzi. M'zaka zimenezo zinthu zidasintha: malamulo a chitupa adathetsedwa mu 1986, ndipo makomboni adali atafika poti boma silikadathanso kuwalamulira monga kale. National Wake idafika msanga, msika ndi ndale zisadakonzeke kuilandira.

Kumvekanso patatha zaka 30

Kadey adasamukira ku United States n'kukhazikika mumzinda wa Los Angeles, kumene adapitiriza ntchito yake ya zomangamanga. Adasunga matepi a gululo, kuphatikizapo nyimbo zimene sizidalowe m'chimbale cha 1981. Chimbalecho chidatulukanso ku South Africa mu 2011, patatha zaka 30. Kenako kanema wa Punk in Africa, wokonzedwa ndi Keith Jones ndi Deon Maas, adafotokoza mbiri ya chambachi ku South Africa, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo National Wake idatenga malo aakulu m'nkhaniyo.

Mu 2013 kampani ya ku America ya Light in the Attic idatulutsa chimbale cha Walk in Africa 1979-81, chosonkhanitsa nyimbo za gululi. Nyuzi zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America zidalemba za anyamata a ku Parktown, ndipo anthu amene adali asadabadwe mu 1981 adamva International News koyamba. Mu 2022 kudatuluka kanema wina, This Is National Wake, wokonzedwa ndi Mirissa Neff, amene adagwiritsa ntchito zithunzi zakale zojambulidwa gululo likadalipo.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali yowawa. Gary ndi Punka Khoza, amene besi ndi ng'oma zawo ndizo zidali msana wa kaimbidwe ka gululi, onse adamwalira ulemu umenewu usadafike. Amene adasenza chiopsezo chachikulu pa nthawi ya chitupa ndiwo sadakhalepo kuti afotokoze okha mbali yawo. Zambiri zimene dziko likudziwa lero za National Wake zidadzera mwa otsala, makamaka Kadey, amene khungu lake lidamupatsa mwayi wa maphunziro, pasipoti ndi malo otetezeka osungirako matepi. Tsankho limene lidathetsa gululi lidakhudzanso ngakhale kakumbukiridwe kake.

Komabe matepiwo adapulumuka, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikukambidwa. Magulu ena ambiri a m'makomboni a m'nthawi imeneyo sadasiye kalikonse, chifukwa padalibe wojambula kapena wosunga. Boma limene lidatseka makomo a National Wake lidagwa pachisankho cha Epulo 1994. Lero aliyense wokhala ndi foni ya intaneti, kaya ali ku Soweto kapena ku Ndirande, akhoza kuimva nyimbo imene mu 1981 anthu a ku Johannesburg adaisowa m'shopu ndi pawailesi, besi ya Gary ndi ng'oma za Punka zikumveka monga momwe zidajambulidwira.